Maliro Opanda Bokosi ku Katoto

Mayi amene tinkachita naye lendi moyandikana ku Katoto anachokera ku Congo. Anafika ku Mzuzu ndi chikwama chimodzi, mwana ali kumsana, osadziwa ngakhale kunena kuti monire. Ine wa ku Mulanje ndinkadziona ngati mlendo, koma nditamuona iyeyo ndinasiya kudandaula. Chichewa ndinamuphunzitsa ndine pampopi, Chitumbuka anachitola kumsika. Patapita zaka ndinangomva mawu ake akutuluka m'wailesi yanga, akuwerenga nkhani osaphonya paliponse. Ndinaseka mpaka kukhala pansi. Munthu woti dzana lomweli ankalephera kugula tomato!

Anali ndi pulogalamu yake Lachitatu masana. Ankapita kuchipatala kukacheza ndi anthu odikirira odwala, aja ogona pakhonde, kenako n'kupempha omvera kuti athandizepo. Nkhuni, ufa, mabulangete, zonse zinkafikira pakhomo pake, ndipo wosenza ndinali ine, ndikung'ung'udza njira yonse. Iye ankangoseka n'kumati, "Achemwali, pakamwa panu mpoipa, koma msana wanu ngwabwino." Ndinkamukonda mayi ameneyu, ngakhale sindinamuuzepo.

Tsiku lina m'mawa, kuli kamvula kaja ka ku Mzuzu kosadziwa kukata, mwana wake wamkazi anandiuza kuti agogo ake, mayi a mnzangayo, amwalira kwawo, foni inabwera dzulo lake. Ndinathamangira kunyumbako osavala n'komwe nsapato. Ndinamupeza mnzangayo akusita bulauzi, ati akupita kuntchito. Anandifotokozera, maso ali pa simbi, kuti kwawo sangapite, njira njoopsa, ndipo mwina aika kale. Nanga maliro opanda bokosi angaitanire ndani? Anati alira yekha akaweruka.

Ndinapsa mtima koopsa. Munthu wothandiza tauni yonse alire yekha ngati alibe anthu? Ndinamulanda simbi ndi bulauzi yomwe. Mipando ndinatulutsa panja ndekha, n'kuyala mikeka pabalaza monga timachitira pakagwa zovuta. Ndinatumiza uthenga kwa amayi akutchalitchi, wina kuntchito kwake woti lero apeze wowerenga wina. Iye anangoima pakhomo la kuchipinda, manja ali lende, mpaka ndinamumanga chitenje m'chiuno n'kumukhazika pansi.

Pofika masana nyumba inali itadzaza. Amayi a ku Nkhata Bay anayambitsa nyimbo zawo, a ku Msongwe anafika wapansi, matope mpaka m'maondo. Aliyense ankagwada pamaso pake n'kunena kuti pepani chomene, iye n'kumayankha yewo, yewo, ndi mawu aja osalala a pawailesi, msozi ndi umodzi womwe ayi. Zimenezo zinandiwawa kuposa imfa yeniyeniyo.

Ndinasendera pafupi n'kumufunsa chimene chikumuletsa kulira. Anandinong'oneza kuti, "Achemwali, kulira kwa kuno sindikudziwa. Ndikalira m'chilankhulo cha kwathu, andimva ndani?"

"Amayi anu," ndinatero.

Kenako anagwetsa mutu pamiyendo panga n'kuyamba kuitana mayi ake m'chilankhulo cha kumudzi kwawo, chimene zaka zonsezo sindinachimvepo pakamwa pake. Nyimbo inaduka yokha. M'nyumba monsemo munalibe amene anatolapo liwu ndi limodzi lomwe, koma tonse tinalira naye.