Mizere Itatu Kuseri kwa Padi

Dzina lakuti a Masulatione sanalitenge kwa makolo. Anawapatsa ndi madalaivala, chifukwa ukafika pagalaja pawo n'kunena kuti mabuleki ako ali bwinobwino, iwo sankatsutsa komanso sankavomera. Ankangokuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuchipewa, kenako n'kukupatsira sipanala.

"Masulani tayala tione."

Anagwira ntchito imodzi yokhayo, ya mabuleki, kwa zaka makumi atatu ndi zinayi. Injini ankati ndi ya anthu okonda phokoso, iwo ankangofuna kudziwa ngati chinthucho chingaime. Galaja yawo inali shedi ya malata kuseri kwa sitolo ya utoto, yolowa galimoto ziwiri. Pakhoma panali misomali, msomali uliwonse ndi sipanala yake, ndipo umodzi ukakhala wopanda kanthu palibe kasitomala ankatuluka. Pakona panali mgolo wodulidwa pakati, woponyamo mapadi a mabuleki akutha.

Ukawafunsa kuti mapadi amakhala nthawi yaitali bwanji, ankati funso limenelo ukafunse phazi lako. Wina amayenda makilomita 60,000 mapadi akadali ndi nyama, wina 20,000 yokha chitsulo chayamba kale kukwecha disiki. Woyenda m'tauni, woima paliponse, amawatha msanga. Wotsika phiri phazi lili pabuleki, osachepetsa giya, ankamutchula kuti wophika mapadi. Mafuta a mabuleki ankati asinthidwe zaka ziwiri zilizonse chifukwa amamwa madzi, ndipo ukalumbira kuti unasintha chaka chatha, ankatsegula kabotolo, n'kuviikamo kansalu koyera, n'kukuonetsa bii wakewo. Anthu ankatuluka atakwiya, koma ankabweranso.

Anali ndi chizolowezi chimodzi chomwe makaniko anzawo ankachiseka. Padi iliyonse asanaiike ankaikanda kuseri ndi tupa, mizere itatu yopendekera. Anayamba zimenezi kalekale, dalaivala wina atabwera kudzawanamizira kuti mapadi omwe anamuikira atha mwezi umodzi, chonsecho anali ataikitsa kwina. Kuchokera tsiku limenelo, munthu akati "munaika ndinu," a Masulatione ankangotembenuza chitsulo.

Mtima wokayikirawo ankapita nawo kunyumba. Mkazi wawo akati mchere watha, ankakagwedeza botolo. Mkamwini wawo, mphunzitsi wofatsa wovala magalasi, anamukayikira kuyambira tsiku loyamba chifukwa choti ankavomera msanga chilichonse. Munthu mmodzi yekha ndi amene sanamufunsepo funso, a Wilibala, ogula zitsulo zakale, omwe ankabwera Lachisanu lililonse kudzakhuthula mgolo uja. Ankakhala pabenchi, kumwa tiyi, kutukwana madalaivala limodzi. Zaka makumi awiri zinatha chomwecho.

Loweruka lina m'mawa mwana wawo wamkazi, chitsirizira, anabwera kudzatsanzika. Anali namwino, ndipo anali atamusamutsira kuchipatala chaching'ono kuseri kwa phiri. Lolemba ankayenera kuyamba kutsika msewu wokhotakhota uja m'mawa uliwonse, mwana wake wa zaka zitatu ali kumpando wakumbuyo. A Masulatione anamva galimotoyo ikuima panja asanaione. Sinalire, koma inaima mochedwa pang'ono, ndipo zimenezo zinawakwanira.

"Mabuleki awa wagwira ndani?"

"Ababa, moni kaye."

"Moni alipo. Wagwira ndani?"

Mkamwini anatuluka uku akukonza magalasi. "Bambo, ndinasinthitsa sabata yatha. Ndinaona kuti muli ndi ntchito yambiri, ndiye ndinapita kwa makaniko wina kufupi ndi sukulu. Mapadi atsopano, ndinaona ndi maso anga akuwatulutsa m'bokosi."

"Bokosilo lili kuti?"

Linali m'buti. A Masulatione analitembenuza, kulinunkhiza, kuwerenga zilembo zake. Mumtima anali atagamula kale mlandu: munthuyu sanasinthe kanthu, watola bokosi penapake kuti awatseke pakamwa. Zinawapweteka kuti mwana yemwe anamulera iwo akatsike phiri pa bodza la mwamuna wake.

"Ababa, musayambe," anatero mwana wawo. "Amakuopani, n'chifukwa chake anapita kwina. Munthu aliyense kwa inu ndi wabodza?"

"Masulani tayala tione."

Mkamwini anavula jekete, anaika jeke, n'kumasula yekha. Tayala litachoka, mapadi anaoneka. Anali okhuthala, akuda bii, utoto ukunyezimira. Mwana wawo anapinda manja n'kuwayang'ana bambo ake, kudikira kuti apepese.

Munthu wina akanapepesa pomwepo. A Masulatione anamasula mabawuti awiri, anasolola padi imodzi n'kupita nayo pakhomo pomwe panali kuwala. Utotowo unawavuta mumtima, unali wochuluka ngati wopaka pageti. M'mbali, pomwe nyama ya padi imakumana ndi chitsulo, panali kamzere kouma ka guluu. Anaika padiyo muvayisi yopanira zitsulo, analozetsa tchizulo pakamzerepo, n'kumenya kamodzi kokha, mosakakamiza. Nyama yonse inafwamphuka n'kugwera pansi yathunthu.

"Imeneyi ikanatentha paphiri paja, ikanachoka chonchi," anatero. "Phazi likanafika pansi galimoto ikupitabe."

Mwana wawo anacheukira kugalimoto, komwe kamtsikana kake kankajambula ndi chala pagalasi. Mkamwini anakhala pansi pasimenti pomwepo, buluku lake labwino osalilabadira.

"Sindinadziwe, bambo."

A Masulatione anali atatenga tupa n'kuyamba kupala utoto kuseri kwa chitsulocho, kufuna nambala ya padiyo yoti akamuonetse makaniko wa kusukulu uja asanamugwire pakhosi. Utoto unayamba kuchoka. Pansi pake panatuluka mzere umodzi wopendekera, kenako wachiwiri. Wachitatu sanafune kuuona, koma dzanja linapitiriza lokha.

Anasolola mapadi atatu otsalawo. Awiri anali ndi mizere yawo. Anali mapadi akutha ochokera mumgolo mwawo, wina atawamata nyama ndi guluu n'kuwapaka utoto kuti aoneke atsopano.

Tsiku limenelo anaika mapadi enieni, anasintha mafuta, anayendetsa okha galimotoyo kukwera ndi kutsika kamtunda ka kuseri kwa sitolo kasanu. Pobweza makiyi anapereka kwa mkamwini, ndi manja awiri.

"Munanena zoona. Ndinakuganizirani zoipa."

Mwana wawo ankati m'moyo wake wonse anali asanawamvepo akulankhula mawu amenewo kwa munthu.

Lachisanu a Wilibala anafika monga mwa masiku onse, akuimba mluzu. Tiyi anali pabenchi, ndipo pambali pa kapu yawo panali chitsulo chopalidwa chija.

"Achimwene, mapadi a mumgolomu mumapita nawo kuti?" anafunsa a Masulatione.

"Zitsulo zina zonse zimapita kosungunula. Koma timapaditi pali mkulu wina amatitenga patokha, amati ali nato ntchito."

"Ntchito yanji?"

"Sindinamufunse."

"Kuyambira liti?"

A Wilibala anakanda m'mutu. "Zaka khumi zikwana. Mwinanso kupitirira. Inunso simunandifunsepo, achimwene."

Pankhope pawo panalibe bodza, ndipo a Masulatione, omwe moyo wawo wonse ankasaka bodza pankhope za anthu, anakhumudwa kuti sanalipeze. Likanakhalapo akanadziwa woti amukalipire. Anayang'ana mgolo uja, wodzaza mpaka pakamwa ngati sabata iliyonse, ndipo anachita mantha.

Anaukoka mpaka pavayisi. Anatenga padi yoyamba, anaimanga, n'kuimenya ndi hamala yaikulu mpaka inapindika pakati. Anatenga yachiwiri. A Wilibala anadikira ola lathunthu, tiyi anazizira, ndipo kuyambira tsikulo palibe chitsulo chinatuluka m'shedimo chili chowongoka. Tiyi wa Lachisanu akadalipo, koma amamwedwa mwakachetechete.

Masiku ano galimoto yachilendo ikafika, mwini wake n'kunena monyadira kuti mapadi ndi atsopano, angoikitsa kumene kwina, a Masulatione amamupatsirabe sipanala. Koma samuyang'ananso kuyambira kunsapato. Amatenga padiyo, amapita nayo pakhomo, amapala utoto pang'onopang'ono atatembenukira kukhoma. Chaka chino chokha apeza mizere yawo m'galimoto zisanu ndi ziwiri, ndipo imodzi inali yonyamula ana asukulu.