Bowo lomaliza pa ekisitenshoni

Ekisitenshoni inali yanga. Ndiyambire pamenepo, chifukwa masiku ano anthu amakamba ngati gulu lathu la olemba mapulogalamu a kompyuta linangomera lokha ngati bowa. Ayi ndithu. Ndine ndinapempha kachipinda kuseri kwa tchalitchi china ku Masasa, ndipo poti khoma lake linali ndi soketi imodzi yokha, Loweruka lililonse ndinkanyamula ekisitenshoni m'chikwama, kamvula ka ku Mzuzu kaja kakundinyowetsa. Aliyense ankalumikiza laputopu yake pa chingwe changa. Ine ndinkakhala kumutu, pafupi ndi soketi.

Tinali ndi chizolowezi chathu. Munthu pulogalamu ikamukanika sankaitana. Ankangonyamula laputopu nkukaitembenuzira kwa amene akumudalira, osanena kanthu. Ndipo onse ankatembenuzira kwa ine. Aa, kukoma kwake inu! Tonse tinkalemba m'chilankhulo chimodzi cha kompyuta, chakale chopangira mawebusaiti, chija chizindikiro chake ndi njovu.

Kenako kunabwera mayi wina, mphunzitsi wa masamu wa kwawo ku Nkhata Bay. Ndinamuitana ndine mwini wake, titakumana m'minibasi. Iye anali ataphunzira payekha chilankhulo china, chija chili ndi dzina la njoka. Tsiku loyamba anangoti "Monire mose," nkukhala kumapeto, kumene chingwe chinkafika movutikira.

Loweruka lina bambo wina wogulitsa mankhwala m'tauni, amene ndinamuphunzitsa ndine kuyambira poyatsira penipeni, anaimirira ndi laputopu yake. Ine ndinali nditayamba kale kusuntha kapu ya tiyi kuti ndimupatse malo. Anandidutsa. Kundidutsa ine, nkukatembenuzira mayi uja! Mayiyo anayang'ana, nalemba timizere tochepa, awiriwo nkuyamba kuseka akucheza m'Chitumbuka. Ine wa ku Ntcheu ndinangotolapo "yewo chomene". Nsanje inandigwira.

Mlungu wotsatira ndinanena pagulu kuti chilankhulo cha njoka nchochedwa, choseweretsa ana asukulu. Wina anandibwezera kuti cha njovu nchosokonekera ngati mulu wa kaunjika. Basi, moto buu! Tinagawikana, a Njovu ndi a Njoka. Anthu amene tinkadyera chipisi m'mbale imodzi tinayamba kulumana pa gulu la pafoni. Tinakangana za liwiro, za mipata yosiya koyambirira kwa mzere, za chilankhulo choyenera kuphunzitsa obwera kumene. Zina zinali zoona mbali zonse ziwiri. Koma palibe munthu amadana ndi mnzake chifukwa cha mipata. Munthu wathera zaka zake pa chinthu chimodzi, ukachinyoza wanyoza zaka zakezo. Ine ndinkangofuna malaputopu aja abwerere kwa ine.

Chondiwawa kwambiri, mayiyo sankakangana nawo. "Adada," ankatero kwa ine, "zonse nzabwino chomene, bola pulogalamu iyende." Ulemu wakewo unkandipsetsa mtima kuposa chipongwe.

Tsiku lina ndinalamula kuti poti chipinda ndinapempha ndine, muno tizilemba za njovu zokha. Palibe anatsutsa. Anangosamukira ku Lupaso, pakhonde pa nyumba ya mayiyo. Otsala nane anayamba kutha mmodzimmodzi, uyu kumaliro, uyu kuchinkhoswe. Mapeto ake ndinkakhala ndekha, mabowo a ekisitenshoni ali yasa, langa lokha ndilo logwira ntchito.

Ndinapirira mpaka nyengo yozizira. Kenako ndinakumbukira kuti makonde ambiri alibe soketi zokwanira. Ndinakulunga chingwe changa bwinobwino, ulendo wa ku Lupaso, mumtima ndikuti aone okha kuti popanda ine zinthu siziyenda.

Ndinapeza khonde litadzaza, ambiri nkhope zachilendo. Pansi panali ekisitenshoni yatsopano, yoyera, yaitali kuposa yanga. Yanga sindinaitulutse nkomwe.

"Adada! Yewo, mwachita bwino kubwera," anatero mayi uja, nkuimirira ndithu. "Khalani apo, bowo limodzi latsala."

Linali lakumapeto, pafupi ndi masitepe. Ndinakhala, chikwama chili pamiyendo.

Posakhalitsa mayi wina wachilendo amene anakhala moyandikana nane anapumira m'mwamba, nanyamula laputopu yake, nkuitembenuzira kwa ine. Ndinapukuta magalasi, nkuweramira kuti ndione pamene palakwika.

"Pepani bambo," anatero, "tandipatsirani kwa amadamu uko, ine ndapanikizika pano."

Ndinailandira ndi manja awiri, nkuipereka kutsogolo.