Mipira ya Rengiil m'dimba la Mayi Sariang

Ana a kuno ku Ngaraard amamenya mpira wa besibo, uja wa chibonga, ndi dzanja lamanzere, ngakhale amene amadya ndi lamanja. Mlandu ndi wa malemu Rengiil, amene anasewera mpaka imvi mbuu. Ine ndinali naye timu imodzi tili anyamata, ndiye musanditsutse.

Anali msodzi wa mapewa otakata, wosalankhula zambiri. Koma akagwira chibonga kumanzere, eee! Mpira unkangomveka kuti phwaa, uwo, kudumpha mpanda wakumanja. Vuto linali loti kuseri kwa mpandawo kunali dimba la koko la Mayi Sariang, mayi aukali amene ngakhale nkhumba zinkawalambalala.

Kwathu kuno nyanja ndi ya amuna, dimba ndi la akazi. Mwamuna kulowa m'matope a koko? Akuseka mpaka ukalambe. Choncho mpira ukagwera m'menemo, unali wapita. Mayi Sariang ankautola, n'kuyang'ana masamba othyoka, n'kuuponya m'dengu mwawo.

Paja tsoka silinunkha. Rengiil anakonda Dilmei, mwana wa mayi omwewo. Atapita ndi amalume ake kukafunsira, mayiwo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiwe uja wondiphera koko? Mpira wina ukangogwera m'dimba mwanga, Dilmei umuiwale."

Sabata yomweyo kunabwera timu ya ku chilumba cha Peleliu pa boti, odzitama aja. Masewera ali pafupi kutha anali atatiposa ndi chigoli chimodzi, mnzathu wina ali chilili pabwalo kudikira woti amumenyere mpira kuti athamange. Wotsiriza kumenya anali Rengiil. Anayang'ana mpanda uja, anayang'ana Dilmei amene anakhala pansi pa mtengo wa kokonati, n'kusinthira chibonga kumanja kuti mpira ulowere kunyanja, kutali ndi dimba.

Anaphonya. Anaphonyanso. Akanaphonya kachitatu tikanaluza.

"Achimwene, manja mwasiya kunyumba?" anakuwa woponya mpira wa ku Peleliu. "Kapena mukuopa apongozi?"

Ine mtima unandiwawa, misozi ili pafupi. Munthu amene sitinamuonepo akuphonya kawiri, lero akusekedwa ndi alendo pabwalo lake lomwe!

Pamenepo Mayi Sariang anadzuka pamkeka, n'kumanga nsalu m'chiuno.

"Mnyamata iwe! Wakuuza ndani kuti ndikufuna mkamwini wosekedwa ndi a ku Peleliu? Bwerera kumanzere!"

"Nanga koko, Mayi?"

"Koko ndi wanga, si wako! Menya!"

Anamenyadi. Mpira unakwera mpaka tinausowa padzuwa, kenaka unathyola masamba n'kumira pakati penipeni pa dimba. Mnzathu uja ndi Rengiil anathamanga n'kulowetsa zigoli ziwiri, tinapambana. Tinamunyamula m'mwamba tikuimba, koma mwini wake osaseka, maso ali kudimba, poti mawu a mayi aja akanatha kusintha nthawi ina iliyonse.

Mayi Sariang analowa m'matope mpaka m'chiuno. Anatuluka ndi mpira dzanja ili, koko wamkulu dzanja ilo. Mpira anauponya m'dengu monga mwa masiku onse. Koko uja, matope akudontha, anamuika m'manja mwa Rengiil pamaso pa mudzi wonse, ndipo Dilmei anabisa nkhope m'nsalu akuseka.

"Mawa ubwere ndi nsomba kunyumba," anatero mayiwo. "Zazikulu. Manja ndaona kuti uli nawo."