Tinapita ku Hanimuni ndi Apongozi

Maganizo okachita hanimuni pa sitima ndinawatola kuntchito. Nthawi imeneyo ndinkagwira m'sitolo ya amwenye ku Limbe, yogulitsa nsalu pa holoselo, ndipo mwana wamkazi wa abwana anali atangobwera kumene kuchokera ku Ulaya ndi mwamuna wake. Anationetsa zithunzi pafoni tonse antchito, mmodzimmodzi. Anayambira kumudzi kwina kumene ng'ombe zimavala mabelu, kenako mumzinda waukulu, n'kutsirizira kumapiri oyera mbee ndi chisanu. Konseko ankayenda pa sitima ya mawindo ofika kudenga. Ine ndinapempha kuonanso kachiwiri, n'kubwerera kukayeza nsalu.

Ndinakauza amuna anga, amene panthawiyo tinali tikadali pa chitomero. Iwo ndi mphunzitsi wa jogalafe, ndipo chilichonse chokhudza mapu amachitenga ngati ntchito ya boma. Sanaseke.

"Mwati mudzi, mzinda, phiri?" anafunsa. "Motsatana choncho?"

Ndinati eya.

Loweruka lotsatira anafika ku Soche, kumene ndinkakhala ndi achemwali anga, atakwapatira mapu aakulu a kusukulu kwawo opindidwa ngati mphasa. Tinawayala pathebulo, m'makona n'kutsindira ndi makapu. Kwa miyezi iwiri tinkayenda ku Ulaya ndi pensulo. Tsiku lina tinakangana kwambiri chifukwa anandipatsa mphindi zisanu zokha zosinthira sitima, mumzinda umene tonse awiri sitinkatha kuutchula dzina. Ndinati ine ndi chikwama sindingathamange. Anati sitima ziwirizo zimaima moyandikana. Achemwali, amene ankasita kuchipinda, anatuluka kudzafunsa ngati ukwati ukadalipo.

Chinatigwetsa ndi viza. Mapasipoti tinali nawo, koma mafomu ankafuna kudziwa kumene tikagone tsiku lililonse, kalata ya abwana, ndi umboni wakuti tidzabwerako. Kuwonjezera apo tinkayenera kukaonekera pamaso, ndipo tsiku limene linapezeka linali patatha milungu itatu ukwati utachitika, sukulu zitatsegulira kale. Amuna anga anapinda mapu aja. Sabata yotsatira anabwera ndi ena.

"Kunja n'kunja," anatero. "Mukangodutsa chipata cha malire, mwatuluka."

Anaika chala pa Limbe n'kutsata njanji, kudzera ku Balaka ndi ku Liwonde mpaka ku Nayuchi, chala n'kulowa mu Mozambique. Mudzi tikaupeza cha ku Cuamba. Kuchoka apo tikakwera sitima ina kupita ku Nampula, ndiwo mzinda. Phiri likakhala Namuli, kufupi ndi Gurue, kumene sitima sifika koma magalimoto alipo. Ndinafunsa za chisanu choyera chija. Anati kulibe, koma akumva kuti m'mawa kumazizira ndithu. Ndinavomera.

Tinalakwitsa pokakambira nkhaniyi ku Chigumula, kwa makolo awo, Lamulungu lina titachoka kutchalitchi. Apongozi anga aamuna anali telala wa pakhonde ku Limbe kwa zaka zambiri, koma panthawiyo anali atasiya, akungosamala kamunda ka chimanga kuseri kwa nyumba. Ndi munthu wosayankhulayankhula. Makolo awo anachokera ku Mozambique akuyenda wapansi, iwo n'kubadwira m'minda ya tiyi ku Thyolo, ndipo anali asanapondeko kumeneko. Atamva dzina la phirilo anazimitsa wailesi.

"Mwati Namuli?"

"Eya, bambo," anatero amuna anga.

"Amayi anga ankati ndiko kunachokera anthu." Kenako anafunsa, "Munyamuka liti?"

Tinawauza tsiku.

"Tsiku limenelo ndilibe chochita," anatero.

Apongozi aakazi, amene ankasankha nyemba pakhomo, anati, "Bambo, hanimuni ndi ya anthu awiri."

"Ndikudziwa. Koma sitima ndi ya anthu ambiri."

M'minibasi pobwerera ndinaiyamba nkhaniyi titafika pa Kanjedza. Pamenepo ndinati ng'ombe za mabelu ndazisiya, chisanu ndachisiya, koma apa ndiye ayi. Amuna anga anati ndisadandaule, akawauza okha. Inapita sabata. Ndikafunsa ankati akufunafuna mpata wabwino.

Tsiku lina chakumasana mnzanga wa kuntchito anandiuza kuti panja pali madala ena akundifuna. Anali apongozi, ataima pakhonde chipewa chili m'manja. Chiyambire anali asanandiyankhulepo tili awiri. Anatulutsa m'thumba la jekete chiphaso chodutsira malire, ndi kapepala kofiirira kolembedwa dzina la mudzi wina wa cha ku Cuamba ndi la mayi awo. Anati anakalemba ndi iwo, nthawi imene mayiwo ankadwala, ndipo kanakhala m'bokosi la makina osokera kuyambira pamenepo.

"Apongozi," anatero, maso ali kumsewu, "mwana wanga akuopa kundikaniza, ndiye ndabwera kwa inu. Mukakana, nkhani yathera pano, ndipo sindiuza munthu. Mukalola, m'sitima ndikakhala bogi ina."

Mawu okana ndinali nditawakonza kwa sabata yonse, koma ndinawakonzera mwana wawo. Ndinayang'ana kapepala kaja. Kanali katapindidwa kambirimbiri moti m'mizere munali mutabooka.

"Kumudzi tipitira limodzi, bambo," ndinatero. "Kuphiri tipitiranso limodzi. Koma ku Nampula tipita awiri."

"Ku Nampula ndikatani ine?" anatero, n'kuvala chipewa.

Tinanyamuka patatha masiku ochepa ukwati utachitika. Pa siteshoni ya Limbe tinawapeza atafika kale, atavala suti yosoka okha, atanyamula chikwama ndi jumbo ya chinangwa chophika. Anakhaladi bogi ina. Kungoti sitima ikaima paliponse ankabwera kudzatiuza dzina la malowo, n'kubwerera. Kuchokera ku Limbe kukafika ku Nayuchi sitima imaima malo ambiri.

Mudzi wa pakapepala uja tinaupeza tsiku lachiwiri tili ku Cuamba, titafunsa anthu ochuluka m'Chilomwe chothyokathyoka cha apongozi. Dzina la mayi awo palibe ankalidziwa. Mayi wina wachikulire anati mwina, analiko wina amene anapita ku tiyi osabwerako. Apongozi anati ndi yemweyo. Anawayalira mphasa, ndipo tinawasiya pamenepo akuyang'ana makina osokera a mwini nyumba, amene ankati anawonongeka kalekale.

Ku Nampula tinakhala masiku anayi awiriwiri. Kunkatentha. Tinadya nkhanu za m'nyanja, tinasochera kawiri ngakhale tinali ndi mphunzitsi wa jogalafe, ndipo palibe ankatidziwa. Pa sitima ya kumeneko ndinakhala pawindo njira yonse kuonerera mapiri a miyala ongoti njoo pakati pa minda. Tsiku lomaliza ndinadzimva ndekha ndikufunsa amuna anga ngati bambo akudya bwino kumudzi kuja.

Titabwerera kumudziko tinawapeza atakonza makina aja, atasoka kale mayunifolomu atatu. M'mawa mwake tinakwera galimoto ya ku Gurue, msewu wa fumbi, ine pakati pa bambo ndi mwana wawo. Titafika, pamwamba pa phiri panali mitambo. Tinayenda pang'ono m'minda ya tiyi mpaka pamalo poonekera bwino. Apongozi anavula chipewa n'kuima nthawi yaitali, ife tili kumbuyo kwawo.

"Ndi limenelo?" anafunsa.

"Ndi limenelo, bambo."

"Likufanana ndi la Mulanje," anatero. Anapukuta m'maso ndi mpango, n'kutifunsa ngati pafupi pali pogulitsa tiyi.