Amene anabaya adada

Ndinadzuka kusanache chifukwa munthu wina wosamudziwa anali atatsamira mwendo wanga ngati pilo. Amuna tonse tinagona panja, pansi pa mtengo wa mango, mozungulira chipika chimene chinali chitasanduka phulusa. M'nyumba amayi a mpingo ankaimbabe, koma oimba anatsala atatu, enawo ankathandiza ndi mkonono. Kumwamba kunalibe nyenyezi. Mwezi wa Malichi kuno ku Hara mvula sipempha chilolezo.

Ndinene msanga chimene chinkatilemera tsikulo kuposa bokosi. Ankhazi, mlongo wawo wa adada, anali atalengeza kuti tikangochoka kumanda amama amange katundu, abwerere kwawo kumapiri kumene anachoka zaka makumi anayi zapitazo. Mlandu wake unali wakuti amama anabaya adada pamimba. Umboni unalipo, ndipo unali wolimba: amama anavomera okha, ankhazi akumva.

Adada anali ndi phudzi. Matumbo ankatsikira kumene matumbo alibe ntchito. Analinso ndi kuiwala kwa ukalamba, moti ine mwana wawo ankanditcha "aphunzitsi", ulemu umene koleji inandimana nditachokako chaka chachiwiri chisanathe, pa zifukwa zimene koleji ndi ine sitinagwirizanebe. Mu Novembala chotupacho chinauma gwa, chinakana kubwerera, adada akusanza. Kuchipatala anati popanda opareshoni safika Lamlungu. Pepala ndinasaina ndine. Bala linapola bwinobwino, adada anayambanso kuyenda mpaka kumunda wa mpunga kukalangiza anthu amene sanawapemphe malangizo. Chinawatenga ndi malungo, patapita miyezi inayi. Koma ankhazi anabwera kudzazonda sabata yoyamba ija, bala likadali ndi ulusi, ndipo zimene anamva m'mawa wina anazisunga. Chifukwa chimene amama anavomerera ndinkachidziwa, kungoti m'banja mwathu wolephera koleji sayankha ankhazi.

Kutayamba kuyera, amayi anasonkha moto kuseri kwa nyumba. Nkhuni zinali zonyowa, utsi unkakwawa pansi, ndipo unathandiza ambiri amene misozi inkawavuta. Ng'ombe ya adada, imene kwa zaka zisanu inkakana goli, inavomera mpeni mosavuta. Mpunga unabwera m'malichero kuchokera pafupifupi khomo lililonse. Anthu ankafika m'magulu, a ku Sangilo akununkha usipa, a ku Mwenilondo atakwera lole ya thonje. Amayi ankayamba kulira akafika pa mlatho wa ngalande, osati asanafikepo, chifukwa kulira kochokera kutali kumatha mpweya. Ndinaona kuti polowa m'nyumba ena ankapita kukagwira dzanja la ankhazi n'kuwalambalala amama. Amama anakhala kumutu kwa maliro, miyendo atatambasula, osayang'ana munthu.

Kuchokera kumanda kunabwera uthenga wakuti dzenje likudzaza madzi. Kuno ukakumba kufika m'chiuno wapeza chitsime. Okumba anatumiza kuti tiwapatse beseni ndi ndowa, ndipo ntchito inakhala ya awiri kukumba, awiri kukapa.

Osambitsa thupi anali akuluakulu atatu. Mmodzi, msuweni wa adada amene moyo wake wonse wakhala akusoka maukonde ku Sangilo, ankhazi anamutuma kuti ayang'anitsitse pamimbapo. Atatuluka anapukuta manja, n'kunena motsitsa mawu kuti wawerenga mfundo zisanu ndi zinayi, zotalikirana mofanana.

"Wobayayo amadziwa kusoka kuposa ine," anatero.

"Sindinakutume kukayamikira," anatero ankhazi. "Ine ndinamva ndi makutu angawa."

Zolankhula zinayamba dzuwa lili pamutu, ngakhale dzuwalo sitinalione. Apampando a nthambi ya chipani analankhula m'Chichewa kwa nthawi yokwana kuphika nyemba. Anati malemu anali munthu womvera, wokhala ndi khadi chaka chilichonse, ndipo tinavomereza ndi mitu, popeza khadi lomalizalo adada anayatsira fodya. Kenako inafika nthawi imene kwathu kuno siidumphidwa: wachibale aimirire, afotokoze mmene matenda anayendera kuyambira tsiku loyamba kufikira lomaliza, kuti anthu asabwerere kwawo ndi mafunso. Amalume amene anasankhidwa anaimirira, anakhosomola, n'kunena kuti iwo nthawi yonseyo anali ku Mbeya. Anandiloza ndi chipewa.

"Anene ndi wophunzirayu."

Ndinaimirira. Ndinalankhula m'Chitumbuka. Ndinafotokoza za phudzi popanda kulitchula dzina, monga mwa ulemu, ndipo amuna angapo anasuntha pa mabenchi. Ndinati pepala la opareshoni ndinasaina ndine, ndipo ndilo pepala lokhalo limene ndinalembapo zinthu n'kuyenda bwino. Ena anaseka pang'ono, n'kukumbukira pamene ali.

Kenako ndinanena za m'mawa. Tsiku lililonse adada akadzuka ankakweza malaya, n'kupeza bala limene sankalidziwa. Ankafunsa kuti, "Wandibaya ndani?" Masiku oyamba tinkanena zoona, kuti ndi adokotala. Akamva za chipatala ankanjenjemera, n'kuyamba kuzula ulusi ndi zala, kufuna kuthawira m'mpunga. Kawiri tinawagwira magazi akuchucha. Usiku amama ankawaveka masokosi m'manja. Tsiku lachinayi amama atatopa anangoyankha kuti, "Ndine, bambo. Pepani." Adada anawayang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Usadzabwerezenso." Anatsitsa malaya, anamwa phala lonse, bala osalikhudza tsiku lonselo. Kuyambira pamenepo amama ankavomera mlanduwo m'mawa uliwonse, ndipo m'mawa uliwonse adada ankawakhululukira. Balalo linapola ndi mankhwala amenewo.

Ndinafuna kumaliza ndi mawu anzeru, koma sanabwere. Ndinangoti, "Yewo," n'kukhalira chipewa cha amalume.

Mayi wina wa mpingo anayambitsa nyimbo pamalo posayenera, ena anamulandira. Ankhazi sanasinthe nkhope. Ankayang'ana zala za kumapazi kwawo.

Mvula inayamba titangonyamula bokosi. Njira ya kumanda imadutsa pa mizere ya pakati pa minda, pamene anthu awiri sangayende mogundana mapewa, choncho onyamula ankayenda chammbali ngati nkhanu, akusinthana pa ngodya iliyonse. Mpunga unali utayamba kubereka mbali zonse ziwiri. Mzere wa anthu unatalika moti akutsogolo ankaimba ndime yachitatu akumbuyo ali pa yoyamba. Kumanda anakapa madzi komaliza, anayala masamba a nthochi pansi, ndipo abusa anafupikitsa mawu awo chifukwa Baibulo linkanyowa. Dothi linkagwa mwa zibuma. Amama anaponya lawo. Ankhazi anaponya lawo, n'kuitana adada ndi dzina laubwana limene ine sindinalimvepo.

Pobwerera anthu anadya ataimirira m'makonde a anansi. Ambiri potsazika anapita kukagwira dzanja la amama, ena kawiri. Koma mlandu sunali m'manja mwa anthuwo, unali kwa ankhazi. Lole inanyamuka, a ku Sangilo anatsata msewu, mabenchi anabwerera ku tchalitchi pamitu ya anthu.

Madzulo m'nyumba munatsala amama, ankhazi, ndi amayi awiri achikulire amene anagona msanga. Ine ndinakhala pakhomo ndikuchotsa matope ku nsapato ndi kamtengo, ntchito imene imalola munthu kumvetsera osaoneka. Kwa nthawi yaitali kunkamveka achule okha ndi madzi odontha mu beseni.

"Tsiku lija ndinabwera kudzazonda, malemu anandifunsa kuti ndine mkazi wa yani," anatero ankhazi. "Ine, wobadwa naye mimba imodzi. Ndinamukalipira."

"Sanasunge," anatero amama. "Pofika masana anali ataiwala."

"Ine sindinaiwale."

Ndinamva mphasa ikukhwekhwerezedwa kuchoka kukhoma lina kupita kukhoma linalo, kenako mawu a ankhazi.

"Mulamu, sunthirani uko, pano pakudontha. Chilimwe chino mumuuze mphunzitsi wanuyo afolere denga. Simungakhale m'nyumba yotere mvula ya chaka chamawa."

Amama anayankha kuti andiuza. Nyali inazimitsidwa. Ndinakhalabe pakhomo ndi nsapato imodzi m'manja, kudikira kuti wina m'katimo alire, koma sanalire aliyense.