Ndudu Imene Ndinkapanika Kukhutu

Telala aliyense ali ndi kanthu kamene amapanika kukhutu. Anzanga ankapanikako choko kapena pensulo, koma ine ndinkapanikako ndudu yozimitsa pakati. Munthu akabwera kudzayesa diresi ndinkaizimitsira pa mwendo wa makina, n'kuisunga kukhutu kuti ndiimalize akachoka. Ndinazolowera mpaka sindinkaimvanso kuti ilipo.

Ku Nkhata Bay ndinafika pa sitima kuchokera ku Nkhotakota, ndili ndi makina, mkazi ndi chifuwa changa. Ndinapeza malo pakhonde la sitolo ina moyang'anana ndi msika. Ntchito inalipo. Masiku amenewo diresi inkayenera kubisa maondo, ndiye ndinkakhalira kumasula mipendero ndi kulumikiza nsalu m'munsi, ndipo msonkhano wa chipani ukayandikira amayi ankandiunjikira nsalu mpaka ndinkaiwala kudya. Kusuta kokha sindinkaiwala.

Asilamu tinali ochepa m'tauni muja, moti Lachisanu mumzikiti mizere iwiri sinkadzaza. Shehe wathu, mkulu wofatsa wogulitsa usipa wouma, ankandiuza kuti thupi si langa, Mulungu anangondisungitsa, ndipo adzandifunsa mmene ndinalisungira. Ndinkavomera ndi mutu, dzanja lili m'thumba kusisita bokosi la machesi. M'mwezi wa Ramazani ndinkapirira tsiku lonse, koma dzuwa likangolowa, anzanga akuyamba ndi madzi, ine ndinkayamba ndi utsi. Mkazi wanga ankati, "Abambo, inu simusala kudya ayi, mumangodikirira fodya." Ndinkakwiya, poti ankanena zoona.

Mwana wathu woyamba, wamwamuna, tinamuika m'manda ali ndi miyezi isanu. Chinali chifuwa. Tinkakhala m'kanyumba ka chipinda chimodzi kumtunda, ndipo mvula ya kumeneko ikayamba sidziwa kukata, choncho ndinkasutira m'nyumba, zenera lili chitsekere. Palibe anandiloza chala. Mkazi wanga sanatchulepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo ine ndinangobisala m'chete wakeyo.

Wachiwiri anabadwa masiku asanakwane. Uthenga unandipeza pamakina m'mawa, ndipo ndinathamanga chitunda chonse cha kuchipatala, n'kuima kawiri panjira kuti nditsokomole. Kwathu mwana akabadwa, bambo ake amamunong'oneza azana m'khutu lamanja, mawu aja oitanira anthu kokapemphera, kuti choyamba kumva padziko likhale dzina la Mulungu. N'chimene ndinkathamangira.

Pakhomo la wodi anandiimitsa namwino wachitonga, mayi wojintcha amene ndinkamusokera yunifomu ya kwaya.

"Ada, imani dankha, dikirani kaye. Mukupita kuti ndi fungo limeneli? Kamwana kanu kakupuma movutikira."

Ndinamufotokozera za mwambo wathu. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kundilozera mpopi. Ndinavula jekete, n'kutsuka m'manja ndi m'kamwa. Ndikanasamba mwadongosolo monga tichitira tisanapemphere ndikanafika kumakutu, koma ndinali pa changu.

Anali wamkazi, wochepa woti n'kukwana m'manja mwanga muwiri. Amayi ake anamufunditsa kansalu koyera kamene ndinapenderera ndekha, ndipo pansi pa kansaluko kachifuwa kankagunda mofulumira ngati ka mwanapiye. Ndinawerama, pakamwa panga pafupi ndi kakhutu kake, n'kuyamba: "Allahu Akbar." Ndisanabwereze kachiwiri, ndudu ija inapulumuka kukhutu kwanga n'kugwera pachifuwa pa mwana.

Inali yozima kale, sinamutenthe. Koma inakhala pamenepo, nsonga yake yakuda itadetsa nsalu, ikukwera ndi kutsika pamodzi ndi mpweya wa mwana wanga. Azana ndinailekeza panjira. Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire, ndipo kuseri kwa manyaziwo kunali mantha, chifukwa ndinakumbukira kachifuwa kena kamene kankagunda chimodzimodzi.

Mkazi wanga anaitola ndi zala ziwiri. Sanaitaye. Anaiika m'dzanja langa, n'kundifumbatitsa.

"Malizani azana, abambo. Mwana akudikira."

Ndinamaliza misozi ikugwera pa nsalu, namwino uja ali chiimire kumapazi kwa bedi.

Ndisakunamizeni kuti ndinasiya mosavuta. Chibaba cha fodya chinandigwira pakhosi ngati munthu. Ndinkatafuna chinangwa chouma ndi mswachi mpaka nsagwada kuwawa. Ndinasokerera mkono wa malaya cham'mbuyo, ndipo mwini wake atadandaula ndinamukalipira ngati walakwa ndi iye. Ndikapita kuchipatala ndi chakudya, mkazi wanga ankandinunkhiza malaya mosabisa, kenako n'kunena kuti, "Pa Ramazani mumafika madzulo osasuta. Lero fikaninso madzulo, zamawa tidzaona mawa."

Sabata yachiwiri ndinagonja. Ndinagula ndudu imodzi n'kupita nayo kudoko, pakati pa onyamula katundu, kumene shehe sakanandiona. Ndinaisuta mpaka pakati, ndipo dzanja mwa chizolowezi chake linaizimitsa pa mwala n'kunyamuka kupita kukhutu. Litangokhudza khutu ndinaona kansalu koyera kaja. Ndinaiponya m'madzi, ndipo imeneyo inali yomaliza.

Mwana anatuluka m'chipatala patatha masabata atatu. Ndinali nditachapa makatani ndi mabulangete onse, ndipo zenera lija ndinalimasula, poti linali litachita dzimbiri. Mvula inabwera, iye anatsokomolako kangapo, ine mtima uli m'mwamba, koma ankanenepa. Nanenso chitunda cha kuchipatala ndinayamba kuchikwera osaima.

Tsiku lina masana, ali ndi miyezi isanu ndi umodzi, amayi ake anabwera naye pakhonde kudzandipatsira chakudya. Ndinamukhazika pamwendo, iye n'kutambasula kadzanja, kugwira khutu langa lamanja ndi kulikoka. Anasololako choko, tizala tonse mbuu, n'kuyamba kuseka.

Mkazi wanga anayang'ana kumsika kwa kanthawi, kenako ananena motsitsa mawu, "Uyu wapitirira pamene analekezera mlongo wake."

Aka kanali koyamba kumutchula mnyamata uja pamaso panga. Ndinati, "Amayi, mundikhululukire."

"Ndinakukhululukirani kale," anatero, akupukuta tizala ta mwana ndi nsonga ya chitenje. "Ndinkangodikira kuti mupemphe."