Ekizozi ya Malemu Demba

Inu amene mukuti moyo wakukanani, tamverani za Ferenke.

Mu Januwale uja, fumbi la kumpoto litakwirira mapiri a Kabala mpaka dzuwa kumaoneka ngati mbale yakale, Ferenke ankaima pampanda wa polisi m'mawa uliwonse, atatsamira ndodo, mwendo uli m'chikhakha. Mkatimo munali njinga yake yamoto. Anali atauzidwa kuti ikatha miyezi itatu osaiwombola, igulitsidwa. M'thumba mwake munali kalata ya a inshuwalansi. Kuwerenga sankatha, koma anamuuza kuti kalata yonseyo ikungonena kuti ayi.

Ferenke anali wamasiye. Anasenza matumba a mpunga pamsika wa ku Makeni zaka zisanu ndi ziwiri kuti agule njinga imeneyo, ndipo anabwera nayo kwathu atamva kuti kumapiri kuno okada, njinga zamoto zonyamula anthu, ndi ochepa.

Kwathu munthu sadikira okada pamsewu. Amakhala m'nyumba mwake, akamva kulira kwa njinga amadziwa kuti ndi uje, ndiye n'kutuluka. Aliyense wa ife oyendetsa okada ali ndi liwu lake. Wina anaboola ekizozi, wina anakolopola zamkati, wina anagula yonyezimira. Ya Ferenke inali ya kufakitale, yonong'ona. Ankazungulira midzi yonse osamveka, n'kubwerera pasiteji mpando wakumbuyo utanyamula fumbi lokhalokha.

Choncho anapita kwa wogula zitsulo zakale kuseri kwa depoti. Anapeza ekizozi yaifupi, yopserera kukamwa, yotsika mtengo modabwitsa. Yake anaisiya komweko.

Ataimanga n'kuliza njinga, tonse pasiteji tinasiya kutafuna. Inkalira mokhuthala, ndipo akamatsitsa giya inkatsokomola kawiri. Inali ya Demba.

Demba anali mnzathu, anamwalira m'nyengo ya mvula. Pasiteji pathu tili ndi lamulo losalembedwa: mnzathu akatisiya, njinga ikhoza kugulitsidwa, koma ekizozi timamasula n'kukaiponya mumtsinje, kuti abale ake asadzamumvenso akubwera. Amene tinamutuma kukataya ya Demba anaipititsa kwa wa zitsulo. Tinazindikira nthawi yomweyo, koma palibe anatsegula pakamwa, ine ndemwe. Kubisa wakuba poti ndi mnzathu, mlendo kumusiya ayende ndi maliro kumsana! Mpaka lero ndikakumbukira ndimafuna kudziwomba khofi.

M'malo momuuza, tinkamunyogodola.

"Iwe wa ku Makeni, kumbuyoko wanyamula ndani lero?"

"Agogo ako," iye ankayankha akuseka, poganiza kuti tikunena za kusowa kwa makasitomala.

Ndipo anthu sankakwera ndithu. Akamalowa m'mudzi, ana ankathawira m'nyumba. Amayi opeta mpunga ankaika malichero pansi. Madala ena ankayankha moni wake maso ali pamwamba pa phewa lake, pampando wopanda munthu. Galu wina wofiirira ankamuchingamira pamlatho tsiku lililonse, n'kuthamanga naye mchira uli m'mwamba mpaka panyumba ina ya malata adzimbiri. Akafika pamenepo ankamununkhiza mwendo, n'kubwerera m'mbuyo akulira.

Sabata yachitatu, cha m'ma naini m'mawa, fumbi litachita kuti mbuzi uidziwe ndi fungo, Ferenke anatsitsa giya panyumba imeneyo. Ekizozi inatsokomola kawiri. M'fumbimo munatulukira mayi atatambasula manja, pakati penipeni pa msewu, akuitana dzina la munthu wina. Ferenke anakhotetsa. Njinga inakawomba thanthwe, mwendo unathyoka pawiri. Mayiyo sanakhudzidwe ngakhale chala.

Apolisi anatenga njinga. Anati ekizoziyo ndi yaphokoso kuposa mmene lamulo limalolera, ndipo njinga idzatuluka pokhapokha atabweretsa ya kufakitale. A inshuwalansi anati patsamba lachinayi, m'timalemba tonga nyerere, panalembedwa kuti ukasintha chitsulo panjinga osawauza, pangano latha. Ferenke anali atalipira inshuwalansi yaikulu, yoti njinga ikawonongeka amukonzere. Mkulu amene anamugulitsa inshuwalansiyo pansi pa mtengo wa mango, akumutchula kuti mchimwene, sanatchulepo za tsamba lachinayi. Ferenke atamupeza, mkuluyo anangoti, "Munayenera kuwerenga, bambo." Kuuza munthu amene anasaina ndi chala!

Ena akanabwerera ku Makeni. Ferenke anadzikoka mpaka pagalaja ina n'kupempha kuti azitsuka zitsulo atakhala pansi, malipiro ake mbale ya mpunga ndi chigwada. Akutsuka ankayang'ana manja a owotcherera, mpaka anamupatsa kuti ayese. Nthawi yopuma ankatulutsa mapepala a inshuwalansi aja, n'kumaimitsa aliyense wodutsa amene wapita kusukulu kuti amuuze liwu limodzi. Limodzi lokha, asatope naye. Mawa lina.

Koma ekizozi ya kufakitale inasowa. Yake ija wa zitsulo anali ataigulitsa kale. Magalaja onse a m'tauni anawayenda ndi ndodo, ndipo paliponse ankamuseka kuti ku Kabala ekizozi yosaboola imakhala tsiku limodzi basi. Miyezi iwiri inatha.

Ndine ndinalephera kupirira. Ndinamupeza akudya n'kumuuza zonse: za Demba, za mtsinje, za mayi uja. Sanandinyoze. Anangokankha mbale n'kufunsa dzina la mayiyo.

Anali Mayi Tenneh, amake a Demba. Ferenke anakana kuti ndimunyamule, anayenda yekha mpaka kunyumba ya malata adzimbiri. Anawapeza atakhala pakhonde, akuyang'ana kumsewu. Anavula nsapato yake imodziyo, nakhala pansi, napepesa kuti kwa milungu itatu ankawadzutsira mwana wawo m'mawa uliwonse osadziwa.



"Ndinkadziwa kuti si iye," anatero mayiwo. "Ndinaona ndi maso angawa akumunyamula. Koma miyendoyi sinandifunse, mwanangu."

Anafunsa za mwendo, kenako za njinga. Atamva zimene apolisi akufuna, analowa m'chipinda chimene chinali chisanatsegulidwe chimwalirire Demba. Ferenke anamva akukoka chinthu kunsi kwa bedi. Anatuluka ndi chitsulo chokulunga m'nsalu. Inali ekizozi ya kufakitale, ya njinga ya mtundu womwewo, yatsopano. Demba anaimasula tsiku lomwe anagula njinga yake.

"Iyi sindiidziwa mawu ake, tenga. Koma inayo ndikufuna ndiione ikumira."

Njinga inatuluka kutatsala masiku asanu ndi atatu kuti igulitsidwe. Lachisanu titachoka kumzikiti, siteji yonse inapita pamlatho, injini zitazimitsidwa, tikukankha. Wakuba uja anabweranso, maso ali pansi. Ferenke ndiye anaponya. Chitsulocho chinayandama nthawi yaitali kuposa mmene chitsulo chimayandamira, chikuzungulira pang'onopang'ono, kukamwa kutaloza kwa Mayi Tenneh. Iwo anagwedeza mutu kamodzi. Chinamira.

Ferenke anakonza yekha njinga ija, ndipo ekizozi yake sanaiboole. Poti sinkamveka, iye ankatsika n'kugogoda khomo ndi khomo, akutsimphina, kusiya nambala ya foni. Oyamba kumuitana anali amayi oyembekezera. Kenako odwala opita kuchipatala, okalamba, ogulitsa mazira, onse amene anatopa kufika makutu akulira. Tinkamuseka kuti akuyendetsa makina osokera. Chaka chisanathe, ife tinkadikira pasiteji iye ali pamsewu.

Lero ali ndi galaja yakeyake ndi njinga zitatu. Ukapita kukamangitsa ekizozi, amayamba wakufunsa mapepala ako. Amakuwerengera mokweza, chala chili pamzere, n'kukuuza kuti upite kaye ukawadziwitse a inshuwalansi, akulembere kuti avomera. Ukakana, amakubwezera chitsulo chako. Ndamuonapo akubweza munthu wa mapepala abwino chifukwa choti analephera kunena kuti ekizoziyo anaitenga kwa yani.

Ndiye inu amene anakubisirani chilungamo m'timalemba ting'onoting'ono, inu amene anzanu anakuonererani mukupita kuphompho, kwiyani, n'zoyenera. Koma mkwiyowo musagone nawo. Pitani nawo kukaphunzira liwu limodzi lero, lina mawa. Khomo limene mukuliopa kwambiri, kagogodeni lomwelo. Ferenke anafikako ndi mwendo umodzi. Mtima wokhawo musauponye mumtsinje.